Mchere Umene Unasowa Pansi pa Botolo

Ellina anachotsedwa ntchito Lachinayi m'mawa, manja akadali onyowa. Anamuitana ali pa sinki akutsuka mabotolo, n'kumuuza kuti avule magolovesi, asiye kiyi wa loka yake patebulo. Kalata inali italembedwa kale. Inanena kuti chifukwa cha kusasamala kwake m'mabotolo a mayeso munatsalira sopo, ndipo ntchito ya milungu itatu yapita pachabe.

Mlonda wa pageti, bambo wachikulire wachiXhosa amene ankamupatsa moni tsiku ndi tsiku, anapisa m'chikwama chake monga mwa lamulo, maso atayang'ana kwina. Kunja mphepo ya ku Montague Gardens inali ikuulutsa mapepala ndi mchenga pakati pa mafakitale. Ellina anaima podikirira takisi, kalata ili m'manja. Ankadziwa kuti sopo sanasiye. Ankadziwanso amene anawononga mayesowo, dzina lake ndi nkhope yomwe.

Inu amene mumawerenga nkhani zotere kuti mupezeko mphamvu, dziwiranitu kuti muno mulibe munthu wogula galimoto kumapeto. Muli mtsikana mmodzi, botolo la madzi a mchere, ndi anthu ophunzira kwambiri amene sanaganize zofunsa wokolopa.

Kwawo kwa Ellina ndi ku Balaka. Anali ndi digiri ya kemisitiri, yokhoza bwino, ndipo atamaliza sukulu anakhala zaka ziwiri akulemba makalata ofunsira ntchito. Ena ankayankha kuti akufuna wodziwa kale ntchito, ambiri sankayankha n'komwe. Atatopa anakwera basi ya ku Cape Town, nafikira ku Khayelitsha kwa a Hadijah, mayi wa ku Mangochi amene ankaluka tsitsi m'kontena pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo anali ndi kachipinda ka malata kuseri.

Ntchito anamupezera ndi a Felistas, kapitawo pa kampani ina yotumiza anthu okolopa m'maofesi. A Felistas anabadwira ku Harare, agogo awo anali a ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka chitasakanikira Chishona. Ataona mapepala a Ellina anawabweza msanga ngati akuwotcha.

"Digiri iyi ibise, mwanangu. Wofuna wokolopa safuna munthu wodziwa zinthu. Lemba kuti Fomu 4, basi."

Ellina analemba Fomu 4. Si iye yekha. Mu mzinda uno muli aphunzitsi amene pa fomu sanapitirire pulayimale, ndi anamwino amene amadzichepetsa dala kuti madamu asawaone ngati amwano.

Ndiye pa malo onse a ku Cape Town, anamutumiza kukakolopa labotale yoyesa mankhwala.

Ntchito ya labotaleyo inali kupeza kuti mankhwala adzatha mphamvu liti. Tsiku lija limalembedwa pa bokosi la mapiritsi munthu sachita kulota. Mwa njira yakale, mapiritsi amaikidwa m'chipinda chofunda n'kumawayesa pakapita miyezi itatu, isanu ndi umodzi, mpaka zaka ziwiri, kudikira kuti akalambe okha. Makampani opanga mankhwala alibe mtima wodikira choncho. N'chifukwa chake labotaleyo inali itangoyamba njira yachangu. Mapiritsi ochepa amatsekeredwa m'timabotolo, timabotoloto n'kuikidwa m'mauvuni anayi otentha mosiyana, kuyambira madigiri 50 mpaka 80. Kutentha ndi chinyezi zimakalambitsa mankhwala mofulumira. Pakatha milungu itatu makina amayesa kuti awonongeka motani mu uvuni uliwonse, ndipo masamu amanena kuti pa shelefu ya m'sitolo adzakhala zaka zingati.

Koma masamuwo amadalira chinthu chimodzi, kuti chinyezi cha m'kabotolo chikhale chodziwika. Chimene chimasunga chinyezicho si makina odula ayi. Ndi kakapu ka madzi a mchere kamene amaika m'kabotolo pambali pa mapiritsi. Madziwo ayenera kukhuta mchere mpaka wina kutsalira pansi ngati phala. Mchere ukamaoneka pansi, chinyezi chimaima pa 75 peresenti osasuntha. Ukasungunuka wonse, chinyezi chimakwera mmene chafunira.

Izi Ellina anaphunzira ali m'chaka chachiwiri. Ankakolopa pansi pa matebulo uku akumvetsera zimene ovala majekete oyera akukambirana, ndipo nthawi zina malo amodzi ankawakolopa kawiri.

Woyang'anira mayeso achanguwo anali Ronald, mnyamata wa ku Zomba amene anachita digiri yachiwiri konkuno. Tsiku loyamba Ellina ataona dzina la bambo ake pa jekete, mtima unasangalala, namupatsa moni wa kwathu: muli bwanji achimwene. Ronald anacheuka kuona ngati pali wina wamva, n'kuyankha m'Chingerezi kuti bini ya pakona yadzaza. Kucheza kwawo kunathera pomwepo.

Lachisanu lina akukonza mayeso a mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, botolo lalikulu la madzi a mchere linapezeka litatsala pang'ono kutha. Mchere wa m'labotale umene anaitanitsa unali usanafike, timabotolo tinali 48, ndipo eni mankhwala ankafuna kuti mayeso ayambe tsiku lomwelo. Ronald anachita zimene amayi athu amachita alendo akachuluka ndiwo zili zochepa. Anathiramo madzi. Anakhutchumula botolo mpaka phala la pansi lija linasungunuka, madzi n'kuyera bwino, n'kukwanira timakapu tonse.

Ellina anali kumbuyo kwake akupukuta shelefu. Anaona zonse. Mawu anafika pakhosi ndipo anawabweza. Wa Fomu 4 angadziwe bwanji za mchere wa pansi pa botolo? Akanena, amufunsa kuti wazidziwira kuti, bodza la pa fomu liululika, a Felistas alowa m'mavuto. Komanso analeredwa kuti wamkulu pa ntchito sumudzudzula anthu akuona. Anadziuza kuti mwina pali chimene Ronald akudziwa chimene iye sanaphunzire. Anapitiriza kupukuta.

Patatha milungu itatu makina ananena kuti mapiritsiwo sangathe ngakhale miyezi isanu ndi itatu. Eni mankhwala anakalipa, chifukwa mapiritsi omwewo m'chipinda cha njira yakale anali bwinobwino. Mabwana anakhala pansi kufufuza. Anayesa mauvuni, anali bwino. Anayesa makina, anali bwino. Kenako wina anafunsa kuti timabotoloti anatsuka ndani, ndipo kafukufuku anathera pa funso limenelo. Ronald anasaina nawo lipoti la kafukufukuyo.

Tsiku lochotsedwalo, a Hadijah anamvetsera nkhani yonse chipeso chili pakamwa, manja ali m'mutu mwa kasitomala. Atamaliza kuluka anamufunsa kaye ngati wadya. Kenako anati iwo za mchere wa ophunzira sazidziwa, koma akudziwa kuti dzina la uve limatsata munthu kulikonse. Ndani adzalemba ntchito wotsuka amene kalata yake ikuti satsuka? Nanga labotale iti idzamutsegulira chitseko, ngakhale atatulutsa digiri ija pansi pa matiresi?

Zinalidi choncho. A Felistas anamuuza pa foni kuti kampani yamufufuta pa mndandanda wonse, ndipo iwo sangakangane ndi labotale poti kontirakiti imeneyo ikudyetsa azimayi khumi ndi awiri. "Zvakaoma, mwanangu," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti zavuta, n'kudula. Ellina analembera kalata mkulu wa labotale, Dokotala Abrahams, kufotokoza za botolo lija. Yankho linachokera kwa mlembi, loti nkhani za okolopa zizipita ku kampani yawo. Analembanso. Sikunabwere kanthu.

Kudzera mwa mzimayi wina wa ku tchalitchi anapeza ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek, Lachiwiri ndi Lachisanu. Ankanyamuka kusanache bwino, takisi, sitima, kenako kuyenda pansi kukwera phiri, kuti akasite malaya a munthu amene sanamufunsepo ngakhale kwawo.

Lamlungu lina masana Ronald anatulukira pa kontena. Makalata aja anali atafika patebulo pake. A Hadijah sanamupatse mpando. Anaima pakhomo, kiyi wa galimoto akumuzunguza pa chala, n'kuyamba kulankhula Chichewa chosalala cha ku Zomba. Anati pemiti yake imadalira ntchito imeneyo, mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo akhoza kumupezera Ellina nyumba yabwino yogwiramo ku Milnerton, ya mnzake, yamasiku asanu.

"Chemwali, tonsefe ndi alendo kuno. Tisagwetsane."

Ellina anamuyankha kuti: "Kani Chichewa mumachidziwa, a Ronald."

Atachoka, chimene chinamupweteka kwambiri chinali chakuti mantha a Ronald ankawamvetsa. Anali mantha omwewo amene anamutseka iye pakamwa Lachisanu lija. Sankafuna kuti mwana wa munthu abadwe bambo ake atathamangitsidwa m'dziko. Koma Ronald kuti aime anafunika poponda, ndipo anasankha kuponda wa kwawo podziwa kuti wa kwawo sakuwa.

Makalata anali atalephera. Ellina anaganiza zosiya kufotokoza, achite mayesowo yekha.

M'bini ya madamu a ku Fish Hoek anatolamo mabotolo a jamu asanu ndi anayi. Anagula mchere wa pagolosale ndi mapiritsi a asipirini, poti asipirini akawonongeka ndi chinyezi amanunkha viniga, ndiye safuna makina. Timawotchi toyezera chinyezi anatipeza m'sitolo ya anthu oweta abuluzi, chifukwa ku Fish Hoek kuli anthu oweta abuluzi. Mabotolo atatu anaikamo kakapu ka mchere wokhuta, wa phala pansi. Atatu anaikamo wothira madzi ngati wa Ronald. Atatu otsala anaikamo mchere wokhuta, koma mabotolowo anawatsuka dala mwa uve, sopo n'kuumira m'mbali. Uvuni wake unali shelefu ya pamwamba m'kontena ya a Hadijah, pansi penipeni pa denga la chitsulo, pomwe mu Januwale masana dzanja silikhalitsa.

Ankalemba manambala katatu pa tsiku m'kope la ana asukulu. Masiku a ku Fish Hoek ankalemba ndi a Hadijah, atakwera pa mpando magalasi ali pamphuno, uku akudandaula kuti pa ukalamba wawo asanduka wa sayansi wosalipidwa. Makasitomala ankayang'ana mabotolowo mokayika. Wina wachiXhosa anafunsa monong'ona ngati ndi mankhwala obweza mwamuna. A Hadijah anamuyankha kuti inde sisi, koma amagwira pakatha milungu itatu, ndipo mwamuna wake akakhala wa ku Zomba sagwira n'komwe.

Tsiku la 21 Ellina anatsitsa mabotolo. M'a mchere wokhuta chinyezi chinali chitakhala pafupi ndi 75 masiku onse, mapiritsi ali olimba. M'a sopo munali chimodzimodzi, sopo sanalakwe kanthu. M'a mchere wothira madzi chinyezi chinkapitirira 90, mapiritsi anali atafufuma n'kuyamba kunyenyeka, ndipo atatsegula chotsekera, kasitomala amene anali pampando anatseka mphuno.

Chotsala chinali kuti munthu woyenera anunkhize.

Mlonda uja sakanamulowetsa, ndipo Ellina sanamupemphe. Masiku amene sankapita ku Fish Hoek, ankangoima kunja kwa geti ndi jumbo ya mabotolo. Bamboyo akusesa pakhomo pa kanyumba kake, ananena ngati akulankhula ndi tsache kuti galimoto yaing'ono yoyera imafika nthawi itangopitirira 7 koloko. Tsiku loyamba galimotoyo inadutsa mawindo ali otseka. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ogwira ntchito amene kale ankamusiyira makapu akuda pa sinki ankamudutsa atagwira mafoni kukhutu. Ronald anayamba kulowera geti la kumbuyo. Tsiku lachisanu, chitsulo chotchinga pageti chinavuta kukwera. Mlonda analimbana nacho mwaulesi, akupepesa m'Chingerezi, ndipo Dokotala Abrahams anatsitsa windo kuti afunse chavuta n'chiyani.

Ellina sanapereke moni wautali. Anatsegula mabotolo awiri n'kuwayandikitsa pa windo, ili kenako ilo.

Dokotalayo anali mayi wa zaka za m'ma 50, wosakonda kuchedwetsedwa, koma mphuno yake inali ya munthu wa kemisitiri. Anaimika galimoto pambali. Kope lija analiwerenga chiimire, atalitsamiritsa pa boneti, tsamba ndi tsamba, mpaka manambala opendama a a Hadijah. Anafunsa kuti mayesowa wakonza ndani. Ellina anatulutsa digiri. Dokotala anamufunsa chifukwa chake amagwiritsa ntchito mauvuni anayi osati umodzi, ndi chimene chimachitika pa masamu chinyezi chikanama. Ellina anayankha zonse, n'kufotokozanso za madzi amene anaona akuthiridwa m'botolo lalikulu Lachisanu lija.

"Ndiye unaona tsiku lomwelo, n'kukhala chete?"

Funsolo linalasa chifukwa linali loona. "Ndinaona, ndipo ndinalakwa kukhala chete. Koma pofufuza munafunsa uvuni, munafunsa makina. Ine simunandifunse."

Dokotala anafuna kudziwa amene anathira madziwo.

"Sindinabwere ndi dzina la munthu, adokotala. Ndabwera ndi botolo."

Musaganize kuti anakumbatirana. Dokotala Abrahams ananena mosabisa kuti mabotolo a jamu ndi asipirini wa pagolosale palibe woyendera malabotale angazilandire ngati umboni. Koma botolo lalikulu lija linali likadali m'chipinda chosungira katundu. Analowa, nalinyamula kuliyang'anitsa pa kuwala, ndipo pansi pake panalibe mchere ngakhale kambewu kamodzi. Analamula kuti mayeso abwerezedwe ndi mchere wokhuta, m'timabotolo totsukidwa mwa njira yomwe ija Ellina ankatsukira. Kenako anauza Ellina kuti apite, adzamuimbira.

Inali milungu ina itatu yosita malaya ku Fish Hoek, foni ili m'thumba la epuloni. Inalira Lachisanu ali pakati pokolopa bafa. Mapiritsi aja anapezeka kuti akhoza kukhala zaka ziwiri ndi kupitirira, mogwirizana ndi zimene chipinda cha njira yakale chinkaonetsa. Dokotala anamufunsa ngati angabwere Lolemba, ndipo anawonjezera kuti abwere ndi nsapato zotseka.

Anamulemba ngati wothandizira m'labotale, kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Kuti digiri yake ivomerezedwe m'dziko muno ndi kuti mapepala ake alole ntchito yotere, panapita chaka ndi miyezi, akuyenda m'maofesi ndi kuima pa mizere, kontirakiti ikuwonjezedwa pang'onopang'ono ngati mankhwala a wodwala. Anapirira zonsezo. Lero patha zaka zinayi, ndipo mauvuni anayi aja amayang'anira ndi iye. Ana a ku yunivesite obwera kudzaphunzira ntchito amawaphunzitsa ndi iye, ndipo mapiritsi amene adutsa m'manja mwake akumwedwa ndi anthu amene sadzamva dzina lake.

Zina sizinakonzeke. Lipoti lachiwiri linati panali cholakwika pa kakonzedwe ka madzi a mchere, osatchula munthu, pomwe loyamba lija linatchula Ellina ndi dzina la bambo ake lomwe. Palibe anabwera kudzapepesa. Ronald analandira kalata ya chenjezo, ndipo patatha chaka anapita ku kampani ina pa udindo wokulirapo. M'buku la malamulo a labotale munawonjezedwa mzere woti munthu aone kaye mchere pansi pa kakapu asanatseke kabotolo, ndipo pansi pa mzerewo panasainidwa mayina atatu a anthu amene sanakwerepo pa mpando m'kontena ya a Hadijah. Ellina amauwerenga mzerewo m'mawa uliwonse, n'kuchita zimene ukunena.

Inu amene mukuwerenga muli pa sitima ya ku Fish Hoek, kapena mwapumira pa mopu mu ofesi ya eni ake, sindikuuzani kuti choonadi chimapambana chokha. Cha Ellina chinakhala milungu itatu pansi pa denga lotentha ndi masiku asanu kunja kwa geti, ndipo chinafuna mayi woluka tsitsi ndi mlonda wa chitsulo chovuta. Sindikuuzaninso kuti amene anakupondani adzagwada. Ambiri sagwada, amakwezedwa.

Koma zimene munaphunzira sizinachoke m'mutu mwanu tsiku limene munavala epuloni. Mukaona cholakwika, nenani tsiku lomwelo, ngakhale mawu anjenjemere. Akakana kukumverani, musathere mphamvu pa kulira ndi makalata. Pezani njira yoti wokukananiyo aone ndi maso ake, kapena anunkhize ndi mphuno yake. Kupepesa musakudikire, mwina sikudzabwera. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa Lolemba akakuitanani udzafunika.